Malinga a Palmerston: Nkhanga Zinapangana Kusanapse

Akuluakulu akale adati, "Nkhanga zinapangana kusanapse." Nanga moto ukapanda kufika, kodi nkhangazo n'zochenjera kapena zamantha? Funsoli limaoneka bwino m'mbiri ya malinga amene Angerezi adamanga m'mphepete mwa nyanja pa nthawi ya Mfumukazi Victoria.

M'chaka cha 1859 Afalansa, pansi pa ulamuliro wa Napoleon III, adatsitsira m'madzi La Gloire, sitima yankhondo yokutidwa ndi chitsulo. Angerezi adagwidwa nthumanzi. Bungwe lomwe boma lidasankha lidalangiza mu 1860 kuti madoko a sitima zankhondo, monga Portsmouth ndi Plymouth, atchingidwe. Nduna yaikulu, Lord Palmerston, idaumirira kuti ntchito iyambe, ngakhale kuti nduna ya zachuma, William Gladstone, inkadandaula za kuchuluka kwa ndalama.

Malingawa sadali ataliatali ngati akale, pakuti mizinga yatsopano ikadawagumula mosavuta. Adali afupi, okwiriridwa ndi dothi lochindikala lomeza zipolopolo, ndiponso ozingidwa ndi ngalande yakuya. M'ngalandemo mudali tinyumba tolimba momwe asilikali akadaomberamo mdani wofuna kuoloka, ndipo wonga ankausunga pansi pa nthaka. Pa phiri la Portsdown, malinga monga Fort Nelson ndi Fort Widley adafulatira nyanja n'kuyang'ana kumtunda. Ena ankaseka kuti amisiri adasokoneza, koma padali nzeru: mdani akadatha kukocheza kwina n'kudzera kumbuyo kwa doko. Malinga ena anayi ozungulira, Spitbank, Horse Sand, No Man's Land ndi St Helens, adamangidwa m'nyanja mwenimweni, maziko ake amwala atakhazikika pansi pa madzi.

Ntchito isanathe, zinthu zidatembenuka. Palmerston adamwalira mu 1865. Mu 1870 Afalansa adagonjetsedwa ndi Prussia, ndipo Napoleon III, yemwe ankaopedwayo, adakafera ku England komweko mu 1873. Nkhondo sidabwere, choncho anthu adatcha malingawa zopusa za Palmerston. Lero Fort Nelson ndi nyumba yoonetseramo mizinga yakale.

Komabe kuweruza sikophweka. Mlonda amene sadaonepo mbala anthu amamuyesa wodya zaulere, chonsecho mwina mbala idaleka kubwera poona iyeyo. Adzukulu aphunzirepo kuti wokonzekera kawirikawiri sayamikidwa. Amayamba kumufuna pamene tchire layamba kale kupsa.