Bawuti Laduka, Buloko Sinasweke

Galimoto yochokera ku Lusaka ikangowoloka mlatho wa Luangwa imayamba kulimbana ndi zitunda ndi makona a ku Kacholola. Injini yotopa imafika pa Nyimba madzi akuwira mu rediyeta, ina imakakamizidwa mpaka ku Petauke gasiketi itapsa kale. N'chifukwa chake amakaniko a m'maboma awiriwa anaizolowera ntchito yotsegula silinda hedi, kaya ndi ya Canter yonyamula nthochi ndi chimanga, ya minibasi ya Hiace, kapena ya injini ya chigayo. Luso la manja awo sindilikayikira. Nkhawa yanga ili pa mawu amene timafotokozera ntchito imeneyi.

Tamvani mmene uthenga umayendera. Dalaivala aimbira mwini galimoto: "Abwana, injini yafa, buloko yasweka." Abwanawo tulo tiwathera, ayamba kufunsa mitengo ya injini ina ku Lusaka ndi kufunafuna kokongola ndalama. Chonsecho chachitika n'chakuti bawuti limodzi mwa amene amapanikiza hedi pa buloko ladukira m'dzenje lake. Vuto lotheka kulikonza pagalaja lakula chifukwa cha mneni mmodzi wolakwika.

Chinenero chathu sichisowa mawu pamenepa. Chinthu chimathyoka chikapindidwa mopitirira, monga nthambi kapena fupa. Chimaduka chikakokedwa kapena kupotokoledwa mpaka kulekana, ndipo umu ndi mmene bawuti la hedi limathera: limatamuka, lipyapyala pamazinga, kenako liduka. Kusweka n'kwina. Buloko yasweka ngati chitsulo chogwira pisitoni chaboola khoma la injini, zidutswa n'kugwa pansi. Ikakhala ndi mzere wopyapyala wodutsitsa madzi, imeneyo yang'aluka. Hedi imene yatentha kwambiri mpaka kuleka kukhala bwino pa buloko yapindika. Mneni aliyense pamenepa ali ndi ntchito yake, mtengo wake ndi masiku ake. Munthu amene zonsezi amazitcha "yaonongeka", kapenanso "yabulekika", wamubisira mwini galimoto chimene akulipirira.

Penyani mmisiri wodziwa ntchito ali pa buloko imene bawuti ladukiramo. Amayamba watseka masilinda ndi mabowo a oyilo ndi nsanza zoyera kuti tizitsulo tisagweremo. Chitsa cha bawuti chikakhala kuti chikuonekera pamwamba, amaikapo nati n'kuwotcherera pakati pake. Kutenthako kumagwedeza dzimbiri, ndipo pakazirala amamasula ndi sipanala pang'onopang'ono, akubweza n'kupitanso. Chikadukira pansi, amakhoma kachizindikiro pakati penipeni pa chitsacho, n'kuboola mowongoka, kuyambira ndi choboolera chaching'ono. Dzanja likapendeka pang'ono, ndiye kuti wadya mazinga a buloko. Kachitsulo kozulira, kamene ambiri amakatcha easy-out, n'kolimba kuposa bawuti, koma n'kosachedwa kuthyoka, ndipo kakathyokera mkati choboolera wamba sichikalowa. Apa kuthyoka ndi kuduka zakumana m'dzenje limodzi, ndipo wophunzira ntchito ayenera kumva kusiyana kwake ndi khutu.

Chitsa chikatuluka, pamabwera funso la mazinga. "Takonza mazinga" si yankho lokwanira. Kodi mwangowayeretsa ndi tapu chifukwa anali ndi dzimbiri, kapena anali atadyeka ndiye mwakulitsa dzenje, mwadula atsopano n'kulowetsamo kawaya kozungulira kotchedwa Helicoil? Mwini galimoto ali ndi ufulu wodziwa, pakuti makaniko wina adzatsegulanso injini yomweyo.

Pomanga napo pali mawu awiri amene timawasokoneza: kumanga ndi kumangitsa. Ambiri timaganiza kuti bawuti lomangitsa ndiye lodalirika, mpaka kuvekera paipi ku sipanala kuti mphamvu ichuluke. Komatu buku la injini iliyonse limanena mlingo wake. Mabawuti a hedi amamangidwa kuyambira pakati kupita m'mbali, mobwereza, ndi sipanala yoyeza mlingo yotchedwa torque wrench, ndipo pa injini zambiri za masiku ano amamalizira ndi kuzungulitsa madigiri oikika, monga 90. Ambiri mwa mabawuti otere anapangidwa kuti atamuke, choncho kuwabwezeramo osawayeza n'kuputa tsoka. Oyilo kapena madzi akatsalira pansi pa dzenje, bawuti limawapanikiza mpaka buloko kung'aluka. Tikamauza mnyamata wa pagalaja kuti "mangitsa", tisadabwe likamudukira m'manja. Timuuze kuti "manga pa mlingo".

Pali chinanso chokhudza chilungamo. Tikati "laduka", sitinatchule wolidula. Nthawi zina zimakhaladi choncho: bawuti lodyeka ndi dzimbiri limaduka ngakhale m'manja mwa katswiri. Koma ngati linaduka chifukwa cha paipi ija, mawu oona ndi akuti "ndalidula pomanga". Chinenero chinatipatsa njira zonse ziwiri kuti tizinena zoona, osati kuti tizibisala kumbuyo kwa imodzi. Makaniko wonena kuti "Bambo, ili ndalidula ndine, ndilizula popanda kuwonjezera mtengo" sasowa makasitomala.

Wina angaganize kuti ndikufuna kuthamangitsa mawu obwereka. Ayi. Bawuti, nati, gasiketi, sipanala ndi buloko anabwera limodzi ndi zitsulozo, ndipo takhala nawo mpaka kuwapatsa magulu a maina: timati bawuti ili, mabawuti awa. Kupeka dzina lachilendo la gasiketi n'kungozunza wogulitsa masipeya. Maina tibwereke ndithu, koma aneni tili nawo okwanira: kumasula, kuzula, kuboola, kuwotcherera, kupala, kuyeza, kumanga. Ku Petauke ndi ku Nyimba, dziko la Ansenga a Kalindawalo ndi a Ndake, anthu amalankhula Chinsenga pakhomo ndi Chinyanja kusukulu, ndipo zinenero zonse ziwiri zimasiyanitsa bwino kaonongekedwe ka zinthu. Chimene chikuchotsa kusiyanitsako ndi changu cha pafoni ndi chizolowezi chomata "-ika" pa mawu a Chingerezi.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi a umakaniko a ku Chipata Trades ndi ku Ukwimi, komanso kwa akuluakulu a magalaja amene amaphunzitsa anyamata pansi pa mtengo. Mayeso a TEVETA alembedwe m'Chingerezi monga mwa masiku onse, koma wophunzira asachoke m'manja mwanu asanathe kufotokozera mlimi wa ku Minga, m'chinenero chake, chimene chachitikira injini ya chigayo chake. Mufunseni: laduka kapena lathyoka? Yang'aluka kapena yapindika? Akayankha molondola, ndiye kuti wayang'anitsitsa chitsulocho asanachigwire, ndipo mwini wake alipira ntchito imene yagwiridwadi.