Kodi "string" n'chiyani?

Pa Chingelezi string ndi chingwe, koma wophunzira Python akamva mawuwa asaganize za chingwe chomangira mbuzi. Kwa olemba mapulogalamu a pakompyuta, string ndi zilembo zotungidwa motsatana ngati mikanda, zotsekeredwa m'zizindikiro izi: " ". Motero "Chipata" ndi string ya zilembo 7.

Chimene chimasokoneza ongoyamba kumene n'chakuti manambala nawonso amatha kukhala string. Kompyuta ikaphatikiza 5 ndi 5 imapereka 10, koma "5" ndi "5" imangowalumikiza n'kupereka "55". Masamu otere pamsika wa Kapata angakuthamangitseni!

Komabe nambala ya foni ya Airtel, yoyamba ndi 097, muziisunga ngati string. Mukaisandutsa nambala yowerengera, ziro wakutsogoloyo amasowa.