Anafunsa Anthu, Osafunsa Mwini Mpingo

Lero tibwerere m'mbuyo pang'ono, tione mbiri ya nyumba ziwiri zopemphereramo za ku America. Mukamva, muweruza nokha kuti ife tikulondola mapazi a ndani.

Tiyambe ndi ya posachedwapa. M'chaka cha 1975, mnyamata wa zaka 23 dzina lake Bill Hybels anafuna kuyamba mpingo kufupi ndi mzinda wa Chicago. Asanalalikire, iye ndi anzake anayenda khomo ndi khomo kufunsa anthu chifukwa chimene sapitira kutchalitchi. Mayankho ake ndi omwe timamva kunoko: kutchalitchi amangopempha ndalama, ulaliki ndi wogonetsa tulo, sukhudza moyo wathu, ndipo munthu umatulukako ukudziona wolakwa.

Anyamatawo anatenga mayankho aja n'kumangirapo mpingo wa Willow Creek. Anayamba kusonkhana m'nyumba yoonetseramo kanema. Mapemphero a Lamlungu anawakonzera mlendo amene akungofufuza: nyimbo zamakono, timasewero, uthenga wa banja ndi ntchito, ndipo mtanda sanaupachike kutsogolo. Chiphunzitso cholemera anachisiyira mapemphero a pakati pa sabata. Anthu anakhamukirako mpaka kufika pafupifupi 20,000 pa sabata, ndipo abusa a m'maiko ambiri anapita kukaphunzira njirayo.

Ndisawanamizire, cholinga chawo chinali chabwino. Ankafuna otayika. Koma tamverani zimene zinachitika. M'chaka cha 2007, mpingowo unatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo wotchedwa Reveal. Anapeza kuti kuchuluka kwa mapologalamu amene munthu amapitako sikutanthauza kuti akukula m'chikondi cha Mulungu. Munthu mmodzi mwa anayi alionse ananena kuti waima mwauzimu kapena sakukhutira, ndipo ena mwa okhwima m'chikhulupiriro ndiwo ankaganiza zochoka. Hybels yemwe anavomera poyera kuti analakwitsa posaphunzitsa anthu kudziwerengera okha Baibulo. Patatha zaka zoposa 30, abale! Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano tibwerere ku 1906, mumzinda wa Los Angeles, pa nambala 312 Azusa Street. Nyumba yake inali tchalitchi chakale chimene chinasanduka khola la mahatchi ndi mosungira katundu. Mipando inali matabwa oyalidwa pa timigolo. Mlaliki wake, William Seymour, anali mwana wa anthu omwe kale anali akapolo, wakhungu diso limodzi. Ali ku Houston ankamvera maphunziro a Baibulo ali kunja kwa chitseko chifukwa cha khungu lake. Munthu ameneyu sanafunse mzinda zimene ukufuna kumva. Analalikira kulapa, chiyero ndi ubatizo wa Mzimu Woyera. Nyuzipepala ya Los Angeles Times inawaseka pa 18 Epulo chaka chomwecho. Komatu akuda ndi azungu ankagwada pamodzi, pa nthawi imene zimenezi zinali zonyansa kwa ambiri.

Moto umenewo unawoloka nyanja. Mu 1908 John G. Lake anafika ku South Africa, kumene kunabadwa Apostolic Faith Mission, ndipo ena mwa makolo athu opita ku Joni anabwera nawo kuno uthengawo. Inu ndi ine ndife zidzukulu za khola lija. Aleluya!

Wina anena kuti, abusa, kodi tiziwathamangitsa alendo? Ayi ndithu. Mlendo mlandireni, mpatseni mpando wabwino, lankhulani chinenero chimene akumva. Paulo naye ankadzichepetsa kuti afikire anthu a mitundu yonse, werengani 1 Akorinto 9. Mbale mungasinthe, koma nsima ikhale yomweyo. Petro pa Pentekoste, mu Machitidwe 2, anauza khamu maso ndi maso kuti iwo ndiwo anapachika Yesu. Mawuwo anawalasa, ndipo anthu ngati 3,000 anabatizidwa. Mu Yohane 6, ophunzira ambiri atakhumudwa ndi chiphunzitso n'kuchoka, Ambuye sanawathamangire kuti afewetse mawu.

Sindikuloza chala ku America kokha, inenso ndinagwamo. Zaka zapitazo mumpingo mwathu munali bambo wina amene anatigulira malata. Tonse tinkadziwa kuti ali ndi mkazi wina wamseri. Loweruka lina ndinakonza uthenga wa chigololo, koma m'mawa nditaona galimoto yawo panja, ndinausintha n'kulalikira za madalitso. Anthu anaomba m'manja. Potuluka, mayi a kunyumba kwawo anandipatsa moni osandiyang'ana kumaso. Sipanapite chaka, banja lija linatha, ana anabalalika, ndipo bambowo anachoka ndithu mumpingo. Malata alipo mpaka lero. Mvula ikamagwa pa malatawo ndimakumbukira kuti ndinaopa munthu kuposa Mulungu.

Mbusa mnzanga, Ezekieli 33 akutichenjeza kuti mlonda akaona lupanga n'kukhala chete, mlandu wa mwazi umagwera iye. Kudzaza mabenchi si tchimo, koma tsiku lomaliza sadzatifunsa za mabenchi. Ndipo inu akhristu, musamayese ulaliki ndi kukoma kwake. Dzifunseni kuti, ndi liti pamene mawu a paguwa anandichititsa kukabweza ngongole, kukapepesa kwa mkazi wanga, kusiya ziphuphu kuntchito? Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ngati mukumva mtima ukukutsutsani pamene mulipo, musatseke wailesi. Gwadani pomwepo, tchulani tchimolo ndi dzina lake pamaso pa Mulungu, ndipo mawa mukakonze chimene munawononga. Mwazi wa Yesu ukadali ndi mphamvu yosambitsa. Ambuye akudalitseni. Ameni.