Ndege za m'garaja: kuyamba n'kosavuta, nkhani ili pomaliza

Mu November 1934 ku France kunatuluka buku lomwe linazunguza mitu anthu ambiri. Analemba ndi Henri Mignet, dzina la bukulo Le Sport de l'Air. Uthenga wake unali woti munthu wamba wodziwa kugwira sowo ndi hamala angathe kudzipangira ndege kunyumba kwake. M'katimo munali mapulani a kandege kamatabwa komwe iye anaulutsa koyamba mu 1933, koyendera injini ya njinga yamoto. Anakatcha Pou-du-Ciel, kutanthauza kuti nsabwe ya mumlengalenga.

Ndayambira pa Mignet chifukwa chimodzi. Malangizo omwe opanga ndege kunyumba amapatsana lero sanachokere m'kalasi ayi. Lililonse lili ndi munthu amene analilipira, wina ndi ndalama, wina ndi moyo wake. Mukatsata mbiriyi mwakachetechete, malangizowo amadzitulukira okha.

Mu 1935 Mignet anawoloka nyanja ya pakati pa France ndi England pa kandege kake kaja, ndipo anthu mazanamazana m'maiko awiriwa anayamba kucheka matabwa m'magaraja mwawo. Kenako maliro anayamba. Kandegeka kanali ndi mapiko awiri oyandikana, lina kutsogolo lina kumbuyo. Kakaweramitsa mphuno paliwiro lalikulu, mphepo yochoka pa phiko lakutsogolo inkanyamula lakumbuyo, mphuno n'kuweramiratu, woyendetsa n'kukoka chiwongolero osaphula kanthu mpaka pansi. Mwini wake sanakumane nalo vutoli msanga poti injini yake inali yofooka, koma ena anaikamo zamphamvu. Mu 1936 akatswiri ku France ndi ku Farnborough anakayesa m'chipinda chopopamo mphepo, vuto linaoneka, ndipo kanaletsedwa. Mignet anakonza pulaniyo, koma anthu anali atataya kale chikhulupiriro.

Phunziro loyamba ndi limeneli: posankha ndege yoti mupange, musafunse kuti ndi yokongola bwanji. Funsani kuti zamtundu umenewu zikuuluka ndi zingati, ndipo zauluka kwa zaka zingati. Taonani ya Bernard Pietenpol wa ku Cherry Grove, m'chigawo cha Minnesota ku America. Ndege yake, Air Camper, inali ya matabwa ndi nsalu, injini ya galimoto ya Ford Model A, ndipo mapulani ake anasindikizidwa mu 1932. Ndi yoyenda pang'onopang'ono, yosadzionetsera, koma mpaka lero anthu akuipangabe kuchokera pa mapulani omwe aja.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ntchitoyi inakhazikika kwenikweni ku America. Mu January 1953, Paul Poberezny ndi anzake anayambitsa bungwe la Experimental Aircraft Association ku Milwaukee, ofesi yake yoyamba ili m'chipinda chapansi cha nyumba yake. Bungweli ndi lomwe limachititsa msonkhano waukulu wa ndege ku Oshkosh chaka ndi chaka kuyambira 1970. Boma nalo linali litavomereza kuti munthu apange ndege yake pofuna kuphunzira kapena kusangalala, bola gawo lalikulu la ntchitoyo aligwire yekha. Ndi lamulo lomwe amangolitcha la 51 peresenti.

Lamuloli linabala chizolowezi chabwino. Poti tsiku lina woyendera wa boma adzafuna umboni woti munapanga ndinu, mumayenera kusunga buku lolembamo ntchito ya tsiku lililonse, ndi zithunzi zake. Bukulo limathandizanso inu mwini, chifukwa pakatha zaka zitatu simungakumbukire ngati bawuti ina ya m'kati mwa phiko munaimanga kapena munangoilowetsa. Bungwe lija lilinso ndi alangizi odzipereka, anthu omwe anapangapo ndege zawo, amene amabwera kudzaona ntchito yanu. Aitaneni musanatseke phiko kapena thanki ya mafuta, pamene cholakwika chikadali poonekera. Paja safunsa anadya phula.

Tsopano tifike pa nkhani ya ndalama. Mu 1971 kunauluka kandege kotchedwa BD-5, kopangidwa ndi Jim Bede. Abale, kanali kokongola, kosongoka ngati chipolopolo, ndipo mtundu wake wina unaoneka mu filimu ya James Bond ya Octopussy mu 1983. Bede ankakagulitsa ngati kit, kutanthauza zipangizo zodulidwa kale zobwera m'mabokosi kuti inu muzingolumikiza. Ma kit oposa 5,000 anagulidwa. Vuto linali injini. Kampani ya Hirth ya ku Germany, yomwe inkayenera kupereka injinizo, inagwa mu 1974, ndipo ya Bede nayo inagwa mu 1979. Anthu anatsala ndi mapiko ndi thupi la ndege m'garaja, popanda choti chiiyendetse. Zomwe zinamalizidwa ndi mazana ochepa chabe.

Choncho musanalipire, onetsetsani kuti chilichonse chofunika kuti ndegeyo iuluke chilipo pamsika lero, osati cholonjezedwa chaka chamawa. Muwerengerenso mtengo wonse. Kit yokha si ndege. Injini, pulopela, zida zoonera liwiro ndi kutalika, wailesi, penti ndi zipangizo zogwirira ntchito nthawi zambiri zimadya ndalama zofanana ndi za kit kapena kuposa. Ndege zambiri zimafera pomwepa, mwini wake atathera ndalama pa thupi lokha.

Amene anaonetsa njira ina ndi Richard VanGrunsven wa ku Oregon, yemwe kampani yake, Van's Aircraft, inayamba ndi ndege ya munthu mmodzi ya RV-3 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Ndege zake za aluminiyamu zoposa 10,000 zamalizidwa n'kuuluka. Chinsinsi chake china ndi dongosolo la ntchito. Kit imabwera m'magawo: mchira, mapiko, thupi, kenako zomalizira. Mumayamba ndi mchira poti ndi wotchipa ndiponso waung'ono; mukaononga chidutswa mumangoitanitsa china. Musanakhudze ndi mchira womwe, mumayeserera pa tizidutswa tamaphunziro mpaka dzanja lizolowere kukhoma ma rivet, timisomali tolumikizira malata a ndege. M'ma kit atsopano mabowo amabwera oboola kale ndi makina, moti zidutswa ziwiri zikagwirizana mabowo, mwadziwa kuti zakhala bwino.

Ntchito yake ndi yobwerezabwereza. Mumalumikiza zidutswa ndi timapini tongogwirizira totchedwa cleco, kuboola, kumasula, kusalaza m'mphepete mwa bowo lililonse kuti mng'alu usadzayambirepo, kenako kulumikizanso n'kukhoma. Ma rivet ake ndi zikwizikwi. Nchifukwa chake omwe anamaliza amalangiza chinthu chomwecho: pangirani kunyumba, osati kubwalo la ndege kutali, ndipo gwiranipo tsiku lililonse, ngakhale mphindi 30. Mukasiya mwezi wathunthu, tsiku lobwererako limathera pofufuza pomwe munalekezera. Ndipo a m'banja mwanu adziwe kuyambira pachiyambi kuti garaja yapita kwa zaka, chifukwa iyi ndi ntchito ya maola oposa 1,000.

Opanga ndege ali ndi nthabwala yawo, yoti ukamaliza 90 peresenti ya ntchito, imatsalanso 90 peresenti. Thupi likaima pa matayala, anzanu amayamba kufunsa tsiku louluka. Komatu patsogolo pali mawaya a magetsi, mapaipi a mafuta, galasi la pamwamba lomwe limang'aluka mukaliboola kukuzizira, ndi chivundikiro cha injini chofuna kupala ndi kuyeza kambirimbiri. Apa mankhwala ake ndi kusachulutsa zinthu. Chida chilichonse choonjezera chimabwera ndi kulemera, mawaya ndi masabata ake. Ambiri amaulutsa ndege isanapentedwe n'komwe, kuti zofunika kusintha zisinthidwe kaye.

Chiyeso china ndi chofuna kuposa mwini pulani. Pa 12 October 1997, woimba John Denver anafa ndege yake ya Long-EZ itagwera m'nyanja pafupi ndi Monterey ku California. Sanapange ndi iye, anachita kugula. Pulani ya Burt Rutan inaika chosinthira thanki ya mafuta patsogolo, pofikirika. Amene anaipanga anachisunthira kumbuyo kwa phewa lamanzere la woyendetsa. Ofufuza anapeza kuti mafuta atatha mu thanki imodzi, Denver anatembenuka kuti achifikire, ndipo ndege inamupulumuka ili pafupi ndi madzi. Kusintha kooneka kakang'ono m'garaja kunadzapha munthu wina patapita zaka. Mukafuna kusintha kanthu pa mafuta, ziwongolero kapena mafupa a ndege, funsani kaye amene anajambula pulaniyo.

Chomaliza ndi ulendo woyamba. Ndege imaikidwa pa sikelo kuti mudziwe kulemera kwake ndi pomwe kulemerako kwatsamira. Mafuta amayesedwa ngati akufika okwanira ku injini mphuno itakwezedwa ngati ikunyamuka. Bungwe lofufuza ngozi ku America la NTSB linalimbikira zimenezi m'kafukufuku wake wa 2012. Kenako pamabwera nthawi yoyesera, yomwe kwa zaka zambiri yakhala maola 25 kapena 40 m'dera loikidwa. Palinso choonadi chowawa: munthu amene wakhala zaka zisanu akukhoma ma rivet nthawi zambiri amakhala atazizira pa kuyendetsa. Akaphunzirenso pa ndege yamtundu womwewo, apo ayi apereke ulendo woyamba kwa wodziwa. Palibe manyazi pamenepo.

Mwina mukuti zonsezi ndi za kutali. Achinyamata 20 a ku South Africa analumikiza ndege ya anthu anayi ya Sling 4, kit yopangidwa ku Johannesburg, m'masabata atatu moyang'aniridwa ndi akatswiri. Mu 2019 ena mwa iwo anaiulutsa kuchoka ku Cape Town mpaka ku Cairo, ndipo panjira inatera kuno ku Malawi. Ine ndikaona masabata atatuwo ndimaona zaka pafupifupi 85 zomwe zili kumbuyo kwake: pulani yoyesedwa kale, mabowo oboola ndi makina, injini yopezeka, ndi munthu wodziwa ataima pambali n'kumati masula, yambiranso. Owerenga buku la Mignet analibe chilichonse mwa zimenezi. Amene akutsegula bokosi lake lero ali nazo zonse, chatsala n'kubwerera ku garaja mawa ndi mkuja.