Za Maina a Mafuko a Azungu Amene Titcha Ana Athu

Pa chiyambi cha chaka cha sukulu, m'mene ndinali kulemba ana atsopano m'kaundula, anafika agogo ena aakazi ochokera kufupi ndi malire a Zobue, atagwira mdzukulu wao pa dzanja. Ndinafunsa mnyamatayo dzina lake, ndipo anatchula maina atatu motsatana, wosadodoma. Loyamba linali dzina la fuko lina la ku Scotland, lachiwiri la banja lina la ku Mangalande, ndipo lachitatu linali dzina la ubatizo la agogo ake aamuna, limene tsopano lasanduka dzina la banja lonse. Pamenepo ndinati, "Nanga chiwongo chako nchiyani, mwanawe?" Mnyamata anangowerama, pakuti mau amenewa anali asanawamve ndi kale lonse. Agogo aja anaseka mwamanyazi, nati, "Aphunzitsi, ameneyu ndi Ngozo, koma chiwongo achilemba pati masiku ano?"

Funso la agogo aja landikhala mumtima kufikira lero. Ine ndemwe sindingathe kuloza mnzanga chala, popeza dzina langa loyamba ndi la banja la Mzungu wina amene atate anamgwirira ntchito ku Salisbury. Sindinamuone Mzunguyo, ndipo ndiyesa adzukulu ake sadziwa kuti kuno kwa Kanduku kuli munthu woyenda ndi dzina la makolo ao. Tsono ndifuna kulongosolera awerengi kumene mwambo umenewu unachokera, ndi chimene tinataya poulandira.

Tiyambe ndi makolo athu. Kale mwana sanali kutchedwa dzina tsiku lobadwa. Anali kukhala m'chikuta ndi amake kufikira mchombo utagwa, ndipo pomtulutsa mpamene mbale wosankhidwa, kapena agogo, kapena amalume, kapena azakhali, anali kumtcha dzina, napereka kamphatso. Dzinalo linali ndi nkhani yake. Wobadwa banja lili m'zowawa anali Mabvuto kapena Masautso. Wobadwa atatsogola ana anzake anali kupatsidwa dzina lodandaula, monga Nditani. Wina anali kulandira dzina la agogo omwalira, kuti lisafe. Mwana atakula nalowa chinamwali anali kulandira dzina lina, ndipo kuitana munthu wamkulu ndi dzina la ubwana kunali chipongwe choyenera mlandu.

Koma panali dzina linanso limene munthu sanali kuchita kutchedwa, pakuti anali kubadwa nalo. Achewa ndi Amang'anja alitcha mfunda kapena pfuko, monga Banda, Phiri, Mwale, Mbewe ndi Nkhoma. Angoni alitcha chiwongo, monga Maseko, Jere, Ngozo ndi Nzunga. Mau akuti chiwongo anadza ndi Angoni kuchokera kumwera, kumene amati isibongo, ndipo tsinde lake ndi mau otanthauza kuthokoza ndi kutamanda. Nchifukwa chake Mngoni akalandira mphatso kapena akatha kudya anali kuthokoza potchula chiwongo cha wompatsayo. Chiwongo chitsata atate. Za mfunda, akuluakulu amati kale unali kutsata kuchikazi monga ikhalira mbumba, koma pokhalira pamodzi ndi Angoni ambiri anayamba kutenga wa atate.

Ife a dziko la Inkosi Kanduku, limene ufumu wake ndi wa Angoni a kwa Maseko, tiyenera kuzindikira kulimba kwa dzina lotere. Angoni amenewa anachoka kumwera m'masiku a nkhondo za Shaka, naoloka Zambezi, nafika ku Songea m'dziko limene lero ndi Tanzania, nabwereranso kudzakhazikika ku phiri la Domwe chapafupi ndi chaka cha 1870. Chikusi anamwalira mu 1891, ndipo mwana wake Gomani anaphedwa ndi asilikari a Angerezi mu 1896. Chinenero cha Chingoni chinazilala m'kamwa mwa adzukulu, popeza amai ao ambiri anali olankhula Chinyanja; koma ziwongo zinatsala. Zinayenda ulendo wonse uja, ndipo nkhondo sinathe kuzifafaniza.

Dzina limeneli linali la ulemu. Mkazi wamkulu anali kuitanidwa Namaseko, Nangozo, Naphiri, Nabanda. Mkazi poitana mwamuna wake anali kuti aPhiri, wosatchula dzina lao lenileni. Mlendo akafika pamudzi dzuwa litapendeka, funso loyamba linali la mfunda wake, ndipo akapezeka mnzake wa mfunda womwewo, nsima ndi pogona zinali zake, pakuti chibale ndi fupa, sichiola. Pokambirana za ukwati akuluakulu anali kufunsanso za mfunda, kuopa kukwatitsa ana pachibale. Chotero panalibe mai wotenga dzina la Banda kapena la Jere kulipatsa khanda kuti likhale lakelake. Kutero kukadakhala ngati kuveka khanda nduwira ya mfumu. Ndiponso dzinalo linali chuma cha fuko lonse.

Nanga Azungu? Iwonso ali ndi maina a mitundu iwiri, la munthu ndi la banja. Maina ao a mabanja ena anachokera kwa kholo, monga Johnson, ndiko kuti mwana wa John, Wilson mwana wa Will, ndi MacDonald mwana wa Donald. Ena anachokera ku ntchito: Smith ndi wosula zitsulo, Webster ndi woomba nsalu. Enanso ndi maina a malo, monga Hastings, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja ku Mangalande. Kwao mkazi akakwatiwa anali kusiya dzina la atate wake natenga la mwamuna. Tsono, kuti dzina la kuchikazi lisatayike, makolo anali kulipatsa mwana, likhale loyamba kapena lapakati. Dzina lakuti Winston linalowa m'banja la Churchill m'zaka za m'ma 1600 chifukwa cha mai wina wochokera ku banja la Winston. John Fitzgerald Kennedy, amene anali mtsogoleri wa America kuyambira 1961 kufikira 1963, anatenga Fitzgerald ku banja la amake. Ena anali kutcha ana maina a ngwazi za nkhondo, monga Nelson ndi Wellington. Tione bwino pamenepa: kwa eni ake mwambowu unali chikumbutso cha magazi ao ndi cha mbiri ya dziko lao.

Kuno kwathu mwambowu unalowa pa khomo la misyoni. A Livingstonia anafika mu 1875, a Blantyre mu 1876, ndipo a Dutch Reformed anayamba pa Mvera mu 1889. Mwa ana oyamba a sukulu munali ena oomboledwa ku ukapolo ndi ena otalikirana ndi kwao. Pobatizidwa anali kulandira dzina latsopano, kawirikawiri la m'Buku Lopatulika, koma nthawi zina la mmisyoni amene anawaphunzitsa, kapena la munthu wa ku Scotland amene anali kuthandiza pa maphunziro ao. Ndipo popeza anthu anali kudziwa Mzungu ndi dzina la banja lake, monga Scott, Laws, Murray kapena Hetherwick, limenelo ndilo linamveka m'makutu mwao ngati dzina la munthuyo. Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku ndi wojambula zithunzi pa Misyoni ya Blantyre, ndi John Gray Kufa, wothandiza m'chipatala amene anaphedwa ndi Boma pambuyo pa nkhondo ya Chilembwe mu 1915, anasenza maina otere. Mbiri ya Dr. Banda imati dzina lakuti Hastings analitenga kwa John Hastings, mmisyoni wa ku Scotland. Pambuyo pake tipeza Wellington Manoah Chirwa, Orton Chirwa, Murray William Kanyama Chiume ndi Goodall Gondwe.

Ku mbali yathu ino zinthu zinasakanizika. Ansembe a Montfort anayamba misyoni pa Nzama mu 1901 ndi pa Neno mu 1906, ndipo iwo anali kutcha obatizidwa maina a oyera mtima. Nchifukwa chake m'midzi ya Akatolika muchuluka a Petulo, a Paulo, a Yosefe ndi a Mariya. Kuchokera kutsidya kwa malire kunalowa maina a Chipwitikizi opindidwa m'kamwa mwathu, José nasanduka Zuze, João nasanduka Juwawo. Maina a mabanja a Angerezi ndi a ku Scotland anafala makamaka m'midzi ya mipingo ya Chiprotestanti, ndipo anagwera ana aamuna koposa aakazi, pakuti amuna ndiwo anayamba kupita ku sukulu ndi ku ntchito za Azungu.

Khomo lachiwiri linali la Boma ndi la ntchito. Angerezi atatenga dziko lino mu 1891 anaika msonkho, ndipo amuna anayamba kufuna ndalama ku minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ndiponso ku migodi ya ku Johannesburg, kumene a Wenela anali kutengerako anthu athu kufikira 1974, chaka chimene ndege yao inagwa ku Francistown. Munthu wobwera ku ulendo anali kudza ndi bokosi, jekete, njinga ndi dzina. Ndipo mwana wobadwa atabwerako anali kulandira dzina la bwana kapena la kapitao amene anamchitira zokoma. Kalaliki wolemba msonkho kapena chitupa anali kufuna maina awiri. Kumpoto ndi pakati ambiri analembetsa mfunda wao, ndipo ndicho chifukwa chake a Banda, a Phiri, a Chirwa ndi a Gondwe adzaza makaundula. Kuno kumwera funso linali lakuti, "Atate wako ndani?" ndipo dzina la atate ndilo linalembedwa, chiwongo nichitsala kunja kwa buku.

Taonani tsono kutembenuka kwake. Dzina la banja la Mzungu linasanduka dzina loyamba la atate. Pa mbadwo wotsatira dzina lomwelo linasandukanso dzina la banja la ana ao. Motero lero tili ndi mabanja otchedwa Wilson kapena Anderson amene mulibe ndi dontho lomwe la magazi a Chizungu, pamene chiwongo chao chenicheni chidziwika ndi nkhalamba zokha. Anthu anakondanso kamvekedwe ka mathero aja akuti "son", osadziwa kuti atanthauza mwana wa uje, nayamba kupanga ao, monga Lackson ndi Fackson. Bingu wa Mutharika, wobadwira ku Thyolo mu 1934, amene analamula dziko lino kuyambira 2004 kufikira 2012, dzina lake la ubwana linali Brightson Webster Ryson Thom; ndipo Bakili Muluzi dzina lake loyamba ndi Elson.

M'masiku ofuna ufulu mitima inayamba kubwerera. Atsogoleri anaika patsogolo maina a kwao: Kamuzu, Kanyama, Masauko, Dunduzu. Dziko litalandira ufulu mu 1964, maina a malo ena anasinthidwa, Fort Johnston nakhala Mangochi, Port Herald nakhala Nsanje, Fort Hill nakhala Chitipa. Akristu anaona kuti dzina la Chichewa lingathe kutchulidwa pa ubatizo popanda cholakwa, ndipo anachuluka ana otchedwa Chisomo, Madalitso, Mphatso, Chikondi, Yamikani ndi Thokozani. Komabe mwambo wakale uja sunathe. Wailesi, kanema ndi mpira zinalowa m'malo mwa mmisyoni ndi bwana wa ku mgodi, ndipo mwana angathe kutchedwa dzina la banja la munthu amene atate wake anangomumva pa wailesi.

Nkhani imeneyi ili ndi kulemera kwatsopano. Mu 2017 Boma linalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire chiphaso cha unzika, ndipo ana obadwa alembedwanso. Kale munthu anali kusintha dzina pa chinamwali, pa ubatizo ndi pa ulendo. Lero dzina lolembedwa pa chiphaso limtsata ku mayeso, ku banki, ku malire ndi ku ukwati, ndipo kulisintha ndi ntchito yaikulu. Chimene sitilemba tsopano adzukulu athu sadzachipeza. Ana athu ambiri ali ku Blantyre, ku Tete ndi ku South Africa. Kumeneko mnyamata wosadziwa chiwongo chake angathe kupitirira khomo la mbale wake ali ndi njala, kapenanso kufunsira mbeta mlongo wake wa fuko limodzi.

Sindinena kuti amene tili ndi maina otere tichite manyazi. Makolo athu anatitcha mwachikondi, ena pothokoza mphunzitsi wabwino, ena pofuna kuti mwana apeze ntchito m'dziko lolamulidwa ndi alendo. Koma tikumbukire Nelson Mandela wa ku South Africa. Anabadwa mu 1918 natchedwa Rolihlahla. Dzina lakuti Nelson anapatsidwa ndi mphunzitsi wake tsiku loyamba la sukulu, ndipo dziko lonse lapansi linamdziwa nalo. Koma anthu a kwao pofuna kumlemekeza anali kumuitana Madiba, dzina la fuko lake. Lachilendo analigwiritsa ntchito, koma la makolo sanalitaye.

Chifukwa chake ndipempha zinthu zitatu kwa makolo, ankhoswe ndi akulu a mpingo. Choyamba, musanatche mwana dzina lachilendo, funsani mwini wake ndi tanthauzo lake, kuti mwanayo akadzafunsa mudzakhale ndi poyankha. Chachiwiri, ngati mukonda mwambo wa Azungu, utengeni ndi nzeru yake yomwe: iwo anali kusunga dzina la makolo ao, ndipo ifenso tingathe kulembetsa chiwongo kapena mfunda pakati pa maina a mwana pa chiphaso ndi m'buku la ubatizo. Chachitatu, agogo auze adzukulu chiwongo cha atate ao ndi mfunda wa amai ao akali ndi moyo, pakuti mphunzitsi sangathe kuphunzitsa zimenezi pa bolodi.

Mnyamata uja ndinamlemba ndi maina ake atatu monga anafunira makolo ake, koma pambali pake ndinaonjeza Ngozo. Akakhoza masamu ndimthokoza ndi dzina limenelo. Masiku oyamba anzake anali kuseka. Koma isanathe sabata ana asanu anadza kudzandiuza ziwongo zao, atakafunsa kwao.