Khungu la lalanje pa galimoto: mbiri ya penti, madzi ndi sandipepa

Sabata ino ndikupemphani kuti musanawerenge mpaka kumapeto mukaime pafupi ndi galimoto iliyonse imene ili padzuwa, kaya ndi yanu, ya aneba kapena minibasi ya pasiteji. Weramani pang'ono, muyang'ane chitseko chake chammbali. Muona kuti chithunzi cha mtengo kapena cha nkhope yanu sichikuoneka bwinobwino ngati pagalasi, chikuchita ngati chikunjenjemera. Pentiyo ili ndi timabampu tating'onoting'ono ngati khungu la lalanje, ndipo ndi dzina lomwelo limene opopera penti padziko lonse amatchula vutoli. Mankhwala ake ndi odabwitsa: amatenga sandipepa, n'kumuviika m'madzi, n'kuyamba kukwecha penti yatsopanoyo. Kodi zinayamba bwanji kuti munthu azikanda chinthu pofuna kuti chiwale?

Tiyambe kale, galimoto zikadali zachilendo. Cha m'ma 1900, galimoto ankaipenta monga ankapentera ngolo za akavalo: ndi burashi, pamanja. Ankapaka vanishi, n'kudikira kuti aume masiku angapo, n'kukwecha ndi ufa wa mwala wa pumice wosakaniza ndi madzi, n'kupakanso. Ankabwereza zimenezi kambirimbiri, moti galimoto imodzi inkatha milungu ingapo ili m'chipinda chopentera. Khungu la lalanje kunalibe, vuto linali mizere ya burashi ndi fumbi logwera pa vanishi wosauma. Komabe mwaona kuti kukwecha ndi madzi n'kwakale kuposa sandipepa amene tikumudziwa lero.

Henry Ford atayamba kupanga Model T mwaunyinji, kudikira koteroko sikukanatheka. Kuyambira 1914 mpaka 1925 galimoto zimenezi zinkatuluka zakuda zokhazokha. Penti yakudayo inali yotchipa ndi yolimba, ndipo zitsulo zambiri ankangoziviika kenako n'kuziumitsa mu uvuni. Makampani ena amene ankafuna mitundu ina anapitiriza kuvutika ndi vanishi, galimoto zili ndandanda kudikira kuuma.

Zinthu zitatu ndiye zinasintha zonse, ndipo chilichonse chinachokera kumene simungayembekezere. Choyamba chinachokera kuchipatala. Mumzinda wa Toledo, m'boma la Ohio ku America, dokotala wina dzina lake Allen DeVilbiss anapanga kachipangizo kopopera mankhwala pakhosi pa odwala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880. Mwana wake, Thomas DeVilbiss, anatenga nzeru yomweyo n'kupanga mfuti yopopera penti mu 1907. Mpaka lero dzina la DeVilbiss mulipeza pa mfuti zopopera penti.

Chachiwiri chinachokera kunkhondo. Kampani ya DuPont inapanga onga wochuluka pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, pogwiritsa ntchito nitrocellulose. Nkhondo itatha mu 1918, akatswiri ake anayamba kufufuza ntchito zina za mankhwala omwewo, ndipo anatulukira penti yotchedwa Duco. Kampani ya General Motors inaiyesa pa galimoto zake za Oakland za 1924, zimene zinatuluka zobiriwira ngati thambo. Duco inkauma m'maola ochepa, ntchito ya milungu n'kutha msanga. Koma inkauma mofulumira kwambiri moti burashi siikanatha, inkafunika kupopera basi. Apa ndi pamene khungu la lalanje linalowa m'mafakitale a galimoto.

Taganizani zimene zimachitika pamene munthu akupopera. Mfuti imamwaza penti kukhala timadontho tambirimbiri touluka mumphepo. Timadonthoto tikafika pachitsulo timayenera kusungunukirana, n'kuyala ngati madzi a m'beseni. Ngati thina wauma msanga chifukwa cha kutentha, ngati mfuti ili patali, ngati kompulesa ilibe mphamvu, kapena penti yalimba ngati phala, timadontho timauma tisanayale bwino. Chotsala ndi timapiri ndi tizigwa. Mukati muwonjezere thina kuti iyale, penti imayamba kuchucha pachitseko ngati misozi. Wopopera aliyense amayenda pakati pa mavuto awiriwa, ndipo ngakhale maloboti a m'mafakitale a masiku ano amasiyako khungu pang'ono, makamaka m'mbali mwa galimoto.

Chachitatu chinachokera kwa munthu wopanga inki. Mu 1920, Francis Okie wa ku Philadelphia analembera kalata kampani ya 3M ya ku St. Paul, ku Minnesota, kupempha zitsanzo za mchenga umene ankamata pa sandipepa. Mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, William McKnight, anadabwa kuti wopanga inki akufuniranji mchenga, ndipo m'malo motaya kalatayo anafufuza. Zinapezeka kuti Okie anali atapeza njira yopangira sandipepa wosasukunuka m'madzi. Kampaniyo inagula nzeruyo, ndipo mu 1921 inayamba kugulitsa sandipepa wotchedwa Wetordry.

Musaone ngati nkhani yaing'ono imeneyi. Penti zambiri za nthawiyo zinali ndi mtovu, ndipo wokwecha pouma ankapuma fumbi la poizoni tsiku lonse. Madzi ankagwira fumbilo kuti lisauluke. Ankatsukanso sandipepa kuti asatsekeke ndi phala la penti, zimene zinkachititsa kuti mikwingwirima ikhale yosaya. Duco payokha inkauma yosawala kwenikweni, inkafuna kukwechedwa ndi kupukutidwa, choncho pentiyo ndi sandipepayo zinakulira limodzi ngati mapasa.

Palinso kamwana kena kamene kanabadwira pomwepo. Mnyamata wa ku 3M, Richard Drew, ankapita m'magaraja kukayesa sandipepa watsopanoyu. Kumeneko anapeza opopera akudandaula: galimoto za mitundu iwiri zinali m'fasho, koma zomatira zimene ankatchingira mbali imodzi zinkasupula penti pozichotsa. Mu 1925 Drew anapanga tepi yapepala imene imamata koma n'kumatuka mwaulemu. Mu 1930 anapanganso tepi yoonekera, kholo la imene ife timangoti selotepi. Mukamamata envelopu, dziwani kuti chiyambi chake ndi garaja.

Penti inapitiriza kusintha. M'ma 1930 kunabwera enamelo woumitsa mu uvuni, amene ankawala yekha osafuna kupukuta kwambiri. M'ma 1950 kunabwera penti za acrylic. Kenako chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi m'ma 1980, makampani anasamukira ku njira imene ili pa galimoto pafupifupi zonse zimene timaitanitsa ku Japan lero: pansi pulaima, pakati penti ya mtundu, pamwamba penti yoonekera imene amisiri amangoti clear. Mtundu paokha suwala ndipo sulimba padzuwa. Clear ndiye amawalitsa, ndiyenso ali ndi mankhwala otchinga cheza cha dzuwa.

Apa ndiye pagona nkhani, abale anga. Clear wa kufakitale nthawi zambiri amakhala wa ma micron 40 kapena 50 basi, kutanthauza kuti ndi wopyapyala kuposa tsitsi limodzi la m'mutu mwanu. Kuchotsa khungu la lalanje ndi kudula timapiri tonse mpaka tifanane ndi tizigwa, ndipo chimene mwadulacho sichimeranso. Mmisiri wakale wa Duco ankapopera kangapo dala, podziwa kuti zina azikwecha. Fakitale ya lero siikusiyirani zapadera zoterozo.

Mmisiri wodziwa ntchito amachita motere. Amaviika sandipepa m'madzi othira kasopo pang'ono, n'kumukulunga pa kathabwa kapena labala wosalala, chifukwa zala zokha zimasiya ngalande. Amayamba ndi nambala 1500, kenako 2000, ena mpaka 3000. Nambala ikamakwera, mchenga umachepa ukali. Amakwecha pang'ono, n'kupukuta, n'kuyang'ana. Pamene padulidwa pamaoneka mbuu, tizigwa timatsala tikuwala ngati timaso. Timasoto tikangotha amaima pomwepo. Thovu loyera likusonyeza kuti akadali mu clear. Thovu likasanduka mtundu wa galimoto, ndiye kuti waboola, ndipo chotsala ndi kupoperanso chitseko chonse. M'mphepete ndi m'makona, mmene penti imakhala yopyapyala kwambiri, amatchingamo ndi tepi ya Drew ija. Pomaliza amapukuta ndi makina ndi phala lopolishira mpaka mikwingwirima ya sandipepa ithe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi ndi yotero.

Ndiye inu amene mwangolandira galimoto yanu kuchokera ku Dar es Salaam, wina n'kukuuzani kuti aikwecha yonse iwale ngati galasi, mufunseni kaye kuti asiyapo clear wochuluka bwanji. Dzuwa la mwezi wa Okutobala kuno silichita nthabwala. Mwaziona galimoto zimene denga ndi boneti zasupuka n'kuyera ngati zikanga: ndi clear amene watha mphamvu. Kumupyapyalitsa dala ndi kufulumizitsa tsiku limenelo. Koma ngati mwapopetsa kumene kwa amisiri a ku Biwi, ku Ndirande kapena ku Luwinga, gwirizanani musanayambe kuti athire clear wokwanira, adikire aume ndithu, kenako akweche. Pamenepo sandipepa wa Okie amagwira ntchito imene anabadwira.

Amisiri amene muli m'gulu muno, ndikudziwa mulipo, tiuzeni: inu mumayambira nambala yanji, ndipo nyengo yotentha mumatani kuti penti iyale? Tionana sabata yamawa.