Peter Pan: Mnyamata Amene Anakana Kukula

Ambiri timadziwa Peter Pan cifukwa ca kanema wa Walt Disney wa m'caka ca 1953. Koma nkhaniyi inayambira pa bwalo la masewero. Pa 27 December 1904, m'nyumba ya masewero yochedwa Duke of York's mu mzinda wa London, anthu anaonerera koyamba sewero limeneli, lolembedwa ndi J. M. Barrie wa ku Scotland. Amene anasewera ngati Peter anali mzimai, Nina Boucicault. Osewera anali kuuluka atamangiriridwa ku mawaya, ndipo ana oonerera anapemphedwa kuomba m'manja kuti Tinker Bell asafe.

Ambiri amati seweroli litamanda ubwana. Ine ndiona kuti cimene cili pakati-kati pake ndi kusowa mai. Anyamata a ku Neverland ndi ana amene anatayika ali makanda, ndipo palibe amene anabwera kudzawafuna. Anzao ali nao, mtsogoleri ali naye, nkhondo yolimbana ndi Captain Hook siwaopsa. Koma Wendy atangofika, cimene amupempha n'cakuti akhale mai wao, aziwasimbira nthano usiku. Pomaliza onsewo amutsatira ku London, banja la a Darling liwalandira, ndipo avomera kukula. Peter yekha ndiye akana, natsala kunja kwa zenera.

Cisoni cimeneci Barrie sanacite kupeka ai. M'caka ca 1867, iye ali ndi zaka 6, mkulu wake David anafa pa ngozi posewera pa madzi oundana, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 14. Amai ao anali kudzitonthoza poganiza kuti mwana wakufayo adzakhalabe mnyamata mpaka kale-kale. Mu 1897 Barrie anadziwana ndi ana a banja la Llewelyn Davies m'paki ya Kensington Gardens, ndipo nthano zimene anali kuwasimbira ndizo zinabala Peter Pan. Atate a anyamata asanuwo anamwalira mu 1907, amai ao mu 1910, ndipo Barrie anawalera. Awiri sanafike patali: George anaphedwa ku nkhondo mu 1915, Michael anamira m'madzi pafupi ndi Oxford mu 1921.

Seweroli lili ndi cilema cake. Momwe lionetsera eni nthaka a ku America n'monyoza, ndipo magulu ambiri amene alisewera amasintha mbali imeneyo.

Mu 1929 Barrie anapereka umwini wa Peter Pan ku cipatala ca ana ca Great Ormond Street ku London. Umwiniwo utatha patapita zaka 50 cimwalirireni Barrie, nyumba ya malamulo ya ku Britain inaika lamulo mu 1988 lakuti cipatalaco cizilandirabe ndalama nthawi zonse seweroli likaseweredwa m'dzikomo.